Kanema wa Apongozi

9 Malichi

Wokondedwa mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, ana, makamaka Bambo. Ine kuno ndili bwino, kupatula ulemu wanga umene unavulala pang'ono dzulo.

Chingwe chija munapatsira adalaivala a basi ndinalandira. Munalemba kuti ndiwo mpata wa khoma la pabalaza, kuchokera pawindo kufika pachitseko. Ndinachiyeza kuntchito, chinakwana mainchesi 50. Dzulo ndinachipinda m'thumba, ndinavala malaya abwino aja, ulendo kusitolo yaikulu ya zamagetsi. Ndinapeza kanema wolembedwa 50. Nditatambasula chingwe kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo, chinatsalako chikhatho chathunthu. Ndiye mukundidziwa inu uphunzitsi ukandikwera. Ndinaitana mayi wogulitsa n'kumuuza mokweza, kuti enanso amve, kuti sitoloyo ikutibera mainchesi asanu ndi imodzi.

Mayiyo sanakangane nane. Anatenga chingwe chanu, nsonga ina anaika pakona ya pansi, ina pakona ya pamwamba ya mbali inayo. Chinakwana ndendende. "Achimwene, kanema amayezedwa kona ndi kona," anatero. "Kusukulu sanakuuzeni?" Ine amene ndinaphunzitsa masamu zaka zinayi ndinangoti, "Tsiku limenelo ndinajomba." Mlonda wapakhomo anaseka mpaka kuvula chipewa.

Koma manyaziwo abala zabwino. Ndiye kuti pakhoma pathu pakwana wa 55.

Izi ndikulemba m'kalata chifukwa pafoni sizingatheke. Bambo anu maso ndiwo afooka, makutu akadali anyamata. Mwati kuchipatala anena kuti ng'ala yatseka diso lamanja, lamanzere latsala pang'ono, ndipo mzere wa opaleshoni ndi wautali. Chinenereni zimenezi ndimangowaona ataika mphuno pa kakanema kathu kaja, akukangana ndi wowerenga nkhani amene nkhope yake sakuiona. Ndikufuna aone anthu amene amakangana nawowo diso lotsalalo lisanatseke.

Ndisabise, palinso kena. Tsiku limene ndinkanyamuka anandifunsa kuti, "Ndiye apongozi, koleji yonse ija kunali kuphunzira kupukuta mawindo a eni ake?" Yankho langa lidzabwera pabasi, m'katoni.

Musawauze kanthu. Mundionere ngati mtengo wa eriyo uja ukadali chilili kuseri kwa nyumba.

Ndine wanu, mphunzitsi wojomba.

30 Malichi

Mayi a ana,

Moni nonse. Ndamva kuti chifuwa cha mzime wathu chatha, ndathokoza. Ine ndili bwino. Phewa lokha limadandaula m'mawa, koma likaona ndowa limakhala chete.

Masabata atatu awa ndakhala mwana wasukulu. Ndikaweruka ndimazungulira masitolo kufunsa mafunso, moti ogulitsa akandiona amayamba kupukuta mashelefu. Ndaphunzira kuti pali makanema amene amawatcha anzeru. Nzeru zawozo zimafuna intaneti nthawi zonse. Kwathuko angakhale ngati ine, maphunziro ambiri, ntchito yake osaoneka. Ndaphunziranso kuti pa makanema ena ukaima chapambali, nkhope za anthu zimasanduka phulusa. Choncho ndimayenda chammbali ngati nkhanu kutsogolo kwa kanema aliyense, poti Bambo amakonda mpando wapakona. Zimene amaonetsa m'sitolo, mbalame zamawangamawanga ndi mathithi, n'zongokopera anthu. Nditapempha kuti aike nkhani wamba, wogulitsa anati rimoti yasowa.

Wa 55 watsopano, wotsikitsitsa mtengo, ndi malipiro anga a masabata asanu, osadya, osasamba.

Koma tamverani mwayi. Pa nyumba yosanja imene timapukuta Lachiwiri, ofesi ya pansanjika yachisanu ndi chiwiri ikutsekedwa. Chaka chathunthu ndakhala ndikusuzumira pawindo lawo ndili lende pachingwe, kusirira chikanema cha m'chipinda chawo cha misonkhano. Woyang'anira katundu wandigulitsa pa mtengo wa masabata awiri okha. N'chowala, chopanda chipsera, ndipo chingwe chanu chavomera. Tinachinyamula ndi mnzanga Wamtali, iye patsogolo ine pambuyo, pang'onopang'ono ngati tikuperekeza mkwatibwi. Pano chatsamira khoma kumiyendo kwa bedi. Ndikamagona ndimapinda mawondo mwaulemu.

Mwati alongo anu akubwera kudzaoda katundu wa paokala pawo, ndipo adzakhala masiku anayi. Zagwa bwino. Adzagona kwa ine, pobwerera adzanyamula kanemayu. Mwezi wamawa usanathe Bambo adzakhala akuwerenga mano a wowerenga nkhani.

Kuntchito akapitawo ayamba kuitana mayina a anthu otsala pantchito Lolemba lililonse. Langa likumvekabe. Musade nkhawa.

Ndine wanu yemwe uja.

13 Epulo

Mayi a ana,

Ndikupatsani moni ndili bwino, ndipo alongo anu ali bwino kuposa ine. Anafika ndi kachikwama kamodzi ndi njala ya anthu atatu. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri mwa masiku anayi aja.

Atangolowa, asanavule n'komwe nsapato, anapita pa kanema. Kutsogolo sanayang'aneko. Anakagwada kumbuyo n'kumapapasa, ngati wogula nkhuku wofuna kudziwa ngati ikuikira.

"Alamu, eriyo ilowa pati?"

Ndinati, "Kumbuyoko."

"Kumbuyo kuno ndiliko ine. Bwerani mundilozere."

Tinawerenga mabowo ndi tochi ya pafoni. Alipo asanu, ena aataliatali, ena angati pakamwa pa nsomba, koma kabowo kozungulira kolowetsapo waya wa eriyo kalibepo. Alamu anadzuka, anasasa mawondo, n'kunena kuti, "Ichi si kanema, alamu. Ndi bolodi la mabwana. Chimadya za m'kompyuta basi. Mwamanga nyumba yokongola, koma mwaiwala khomo."

Chikomekome cha mkuyu, mayi. Chaka chathunthu ndinkachiona kutsogolo kokha, poti wopukuta mawindo kumbuyo kwa zinthu sakuona.

Ndiyenera kuvomereza kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Sindinkadziwa kuti alongo anu anakhalapo kwa wokonza mawailesi. Andifotokozera kuti m'kati mwa kanema weniweni muli kachipangizo kogwira zithunzi zimene zikuuluka mumlengalenga. Chodabwitsa n'chakuti kachipangizoko kayenera kugwirizana ndi nsanja za dziko limene kanemayo akukagwira ntchito, chifukwa maiko ena amaulutsa mosiyana. Ndiye kuti ungagule kanema wokhala ndi kabowo bwinobwino, ukafika naye kwanu iye n'kukhala duu ngati mlendo wosamva chinenero.

Ndinafunsa ngati sitingangogula kabokosi kolumikiza, ngati ka aneba athu. Iwo anati, "Marimoti awiri m'manja mwa Bambo? Adzazimitsa uyu poyatsa uyo, kenako adzakutukwanani inu." Komanso mawu a chibolodichi ndi a udzudzu. Ndachiika pamalonda.

Chonde pitani kwa aneba mukakopere zilembo ndi manambala onse amene ali kunsi kwa kabokosi kawoko, osasiyako ngakhale kadontho. Mupatsire adalaivala. Ndiwo adzatiuze mtundu wa kanema wogwira kwathu.

Mayi eni nyumba ino amawerenga nsapato pakhomo. Dzana anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwamera miyendo ina iwiri?" Ndinati ndi ya alendo, akupita posachedwa. Anati, "Posachedwa ndi tsiku lanji pakalendala?"

Katundu wa paokala sanayambe kuoda. Akuti akuyang'ana kaye mitengo.

Ndine wanu, mwini nyumba yopanda khomo.

4 Meyi

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Muwauze Bambo kuti ndawapatsa moni wa manja awiri. Ife kuno tili bwino tonse atatu, ine, alamu ndi kanema watsopano.

Chibolodi chija anagula ndi wometa tsitsi wa pakona, akuti azionetserapo masitayilo. Ndaluzapo, koma iye wandilonjeza kundimeta ulere mpaka dazi litamaliza lokha ntchitoyo.

Kapepala kanu kanafika, ndipo mwakopera bwino kuposa ana amene ndinkaphunzitsa. Tinapita nako kusitolo ija ya mayi wa kona ndi kona. Atandiona anati, "Mwabwera ndi chingwe china?" Ndinati ndabwera ndi loya. Alamu anatembenuza makanema asanu ndi awiri, kufananiza zilembo zanu ndi za kumbuyo kwake. Anayi anagwa mayeso pomwepo. Mwa atatu otsalawo tinasankha wa 50, osati 55. Ndi amene anali pachionetsero, ali ndi kachipsera pafelemu, ndiye anatsitsa mtengo kufika pa masabata atatu ndi theka. Kachipserako Bambo sadzakaona, ndipo Mulungu andikhululukire poti ndinaseka nditaganiza zimenezi.

Mukanawaona alongo anu m'sitolomo! Analamula kuti aike chithunzi choyera mbee, n'kuyendetsa maso pagalasi lonse kufunafuna timadontho takufa. Anakweza mawu mpaka mlonda anabwera. Anatseka diso limodzi, lina n'kuphimba ndi kapulasitiki ka buledi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu. Mayi uja anafunsa ngati ali bwinobwino. Iwo anati, "Ndikuonera mmene bambo anga amaonera." Mayiyo anasiya kuseka, anakatitengera katoni yabwino kuseri.

Tagulanso kachipangizo koteteza kanema magetsi akabwera mwaukali, ndi rimoti ya mabatani akuluakulu. Alamu amata batani la malaya poyatsira, kuti chala chizipapeza chokha.

Tamuyesa ndi waya wopachikira zovala m'malo mwa eriyo, titatulutsa wayayo pawindo. Wagwira matchanelo khumi ndi imodzi! Basi ikamadutsa pansipa nkhope zimasweka timabokositimabokosi, munthu n'kuuma kukamwa kuli yasa. Alamu akuti makanema a masiku ano sachita mchenga ngati akale aja. Chithunzi chimabwera chonse kapena chimakana chonse. Ndiye eriyo iyenera kukhala panja, pamwamba, yoloza kuphiri kumene kuli nsanja, ndipo waya akhale watsopano.

Ndinati, "Basi alamu, Loweruka mukwere." Anati, "Chinthu chamagetsi sathamangira nacho. Tiyese kaye sabata imodzi." Akumuyesadi mokhulupirika, atakhala pabedi langa.

Amati mlendo ndi mame. Awa, mayi, ndi chithaphwi.

Ndine wanu wogona chopinda.

25 Meyi

Mayi a ana,

Moni. Tili moyo.

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Mwati Bambo anathira tiyi pambali pa kapu, kenako anakalipira kapuyo kuti yasuntha. Mwatinso mwana wathu wamkulu ataima pakhomo anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Mwalemba ngati nthabwala, ine ndikudziwa kuti simunaseke.

Kanema ali pano. Sabata ija yabala masabata atatu. Poyamba alamu anati mabasi adzaza. Kenako anati mwendo ukuwawa. Kenako anati analota moipa. Ndinapita kwa adalaivala kuwapempha kuti amunyamule yekha. Anakana. Akuti galasi silikwera lopanda mwini, liyenera kuima chilili ulendo wonse wina ataligwirira, ndipo pachipata cha malire pamafunika munthu woliyankhira mafunso. Ine sindingachoke. Lolemba lapitali dzina la Wamtali silinaitanidwe, ndipo amene wapempha tchuthi masiku ano amapatsidwa chachitali.

Eni nyumba anena kuti mwezi ukatha, miyendo iwiri ichoke, apo ayi ichoke yonse inayi.

Ndinakonza mawu okhwima oti ndiwauze alongo anu Lachinayi ndikaweruka. Koma Lachinayi lomwelo m'mawa tinali pa nyumba ina kufupi ndi sitolo ya simenti. Ndili m'mwamba pachingwe ndinayang'ana pansi. Pamphambano pamenepo pamaima amuna ambiri odikira ganyu, aliyense atanyamula chida chake kuti odutsa pagalimoto adziwe ntchito yake. Wina pulamu, wina bulashi. Kumapeto kwa mzere kunali munthu atanyamula sikuludiraiva m'mwamba ngati kandulo. Ndinazindikira nsapato, poti ndi zanga.

Ndinapukuta windo limodzi maola awiri. Magalimoto anaima asanu ndi limodzi. Sanatengedwe.

Nditafika kunyumba ndinawapeza pabedi akuonera za nyengo. Anati, "Lero ndinayenda kwa ogulitsa zambiri, mitengo yakwera, alamu." Ndinati, "Yakweradi."

Kodi okala yawo ikadalipo? Mundiuze zoona, kapena ngati simukudziwa, mukadutseko.

Ndine wanu.

1 Juni

Mayi a ana,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha, mukatha muisunge kumene mumabisa shuga.

Yankho lanu silinafike, koma silikufunikanso. Dzulo masana ndinazimitsa kanema pakati pa mpira, n'kukhala pampando moyang'anana nawo.

Ndinati, "Alamu, nsapato zanga zikuti zatopa kuima pasitolo ya simenti."

Anatembenuzatembenuza rimoti m'manja. Kenako zonse zinatuluka. Okala inatsekedwa mu Febuluwale. Inu anakuuzani za kuoda katundu, koma kwa Bambo ananena kuti aitanidwa ku ntchito ya zamagetsi kuno. Akuti Bambo anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Tsopano ndiye ndili ndi mwana."

"Ndiye ndikatsike basi ndi chiyani, alamu?" anandifunsa. "Ndi katundu wa mkamwini pamutu, ngati wapangolo? Bambo maso afooka, koma manja opanda kanthu amawamva kulira kwake."

Ndinati, "Nanga diso lija likudikira inu?"

Anati, "Ndikudziwa. M'mawa uliwonse ndimati lero ndipeza ganyu ya sabata imodzi, ndigule kenakake, ndipite. Kukada ndimati mawa."

Ndinatuluka kukaima pakhonde. Ndikuuzeni zoona, mayi, sindinaganize zaumulungu. Ndinaganiza za phewa langa, za masabata onse aja, ndi za yankho langa lija la m'katoni. Ndinkafuna kuti Bambo adzanene pamaso pa anthu kuti wopukuta mawindo uja ndi munthu. Koma nditawerengera bwinobwino, monga mphunzitsi wa masamu, ndinapeza kuti kanema amene ali kuno ndi dzina langa saonetsa kanthu kwa munthu amene ali uko.

Ndinabwerera m'nyumba n'kunena kuti, "Alamu, kanemayu mwagula ndinu."

Anati, "Musandiseke."

Ndinati, "Anasankha ndani? Anaona za kabowo ndani? Anavala pulasitiki kumaso pagulu ndani? Ine ndikanatumiza bolodi. Mukanene kuti ntchito inali ya miyezi iwiri, yatha, ndipo mwabwera ndi ichi."

Anayang'ana pansi, kenako anafunsa kuti, "Nanga rimoti?" Ndinati rimotinso. Anati, "Ndiye kachoteteza magetsi kaja kakhale kanu, musachite kusowa pogwira." Tinaseka mpaka eni nyumba anagogoda khoma.

Choncho inu simukudziwa kanthu. Mukadzaona katoni mudzadabwe, ndipo mudzadabwe bwino, osati mwaulesi ngati mmene mumadabwira ndikakugulirani nsalu. Ana asamve. Bambo akadzafunsa kuti nanga mkamwini watumiza chiyani, mudzawapatse kachoteteza magetsi.

Akwera Loweruka. Tikiti ndasunga ine.

Ndine wanu, mwini kachoteteza magetsi.

8 Juni

Mayi a ana,

Moni nonse. Kalatayi ikupezani katundu atafika kale, ndiye ndingokumbutsa zochepa. Kanema asagonekedwe chafufumimba ngakhale kamphindi. Mpando wa Bambo musendeze pakati, mapazi asanu kuchokera pakhoma, ndipo nsalu ya pawindo muzitseka masana kuti kuwala kusawathobwe. Eriyo akweze alamu okha. Wina aime pawindo azikuwa chithunzi chikabwera.

Dzulo tinadzuka m'mamawa. Tinakulunga kanema m'bulangete langa, n'kumulowetsa m'katoni, m'makona tinatsekamo masokosi. Alamu anayang'ana malaya awo, anayang'ana jekete langa lakuda lija, n'kunena kuti, "Munthu wogula kanema wa 50 sangatsike basi atavala chonchi." Jekete lapita. Musalizindikire.

Kudepoti adalaivala anaimika katoni kumbuyo kwa mpando womaliza, alamu n'kukhala pambali pake atayikolekera dzanja. Ine ndinatsika kukawagulira madzi. Pobwera ndinapeza anthu a mipando itatu atatembenuka, akumvetsera. Alongo anu anali pakati pa nkhani.

"Anthu ambiri amapusitsidwa," ankatero. "Amangoona kukula. Ine ndinatembenuza asanu ndi awiri. Pali munthu wina wake, wophunzira bwino ndithu, anagula wopanda kabowo ka eriyo."

Basi yonse inaseka. Atandiona sanaphethire n'komwe. Anati, "Awa ndi alamu anga, andithandiza kunyamula."

Mayi wina wachikulire wa pampando wapatsogolo pawo anandigwira mkono. "Muli ndi mwayi, bambo," anatero. "Mwakwatira ku banja la anthu okumbukira makolo. Muzitengerako chitsanzo."

Ndinati, "Ndikuyesetsa, mayi."

Adalaivala analiza hutala, ndinatsika. Basi itayamba kuyenda, alamu anatsegula windo n'kutulutsa mutu. Ndinaganiza kuti pali chimene aiwala. Anandiyang'ana. Anangokweza dzanja limodzi, linalo lili pakatoni, mpaka basi inakhota pamphambano.

Mundilembere zimene Bambo adzanene akadzaona nkhope yoyamba. Mulembe mawu ake enieni, ngakhale akhale otukwana wowerenga nkhani.

Ndine wanu, wothandiza kunyamula.